Tsiku loyamba kubwalo: mmene mwana amasandukira sapota

Mukamufunsa munthu wokonda mpira kuti masewero oyamba amene anaonera pabwalo anatha bwanji, kawirikawiri amayamba wakanda kaye m'mutu. Zigoli anaiwala, mwinanso ndi timu yomwe inabwera kudzasewera. Koma mufunseni kuti anapita ndi ndani, muona nkhope ikuwala. Akuuzani kuti anali amalume ake, kuti ananyamuka ku Ndirande wapansi dzuwa lili paliwombo, kuti pa Ginnery Corner anapeza msewu utafiira ndi anthu, kuti anamugulira nzimbe ndipo pachipata anamunyamula paphewa kuopa kuti angapondedwe. Akuuzaninso za mphindi imene anakwera masitepe n'kuona bwalo lonse lili pansi pake, lalikulu kuposa mmene ankaganizira, anthu ali mbali zonse. Nkhani zimenezi zimafanana modabwitsa, kaya wofotokozayo ndi wa Maule (Bullets), wa Manoma (Wanderers) kapena wa Silver Strikers. Kufananako kuli ndi zifukwa zake, ndipo zifukwazo zikutiuza zambiri za mmene timu imapezera anthu ake komanso mmene ingawatayire.

Tiyambe ndi a m'badwo wa wailesi, chifukwa awo ndiye tsikuli linali ndi kulemera kwina. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Izi zikutanthauza kuti mwana wa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankawadziwa osewera ndi khutu lokha. Loweruka kapena Lamulungu masana anthu ankaunjikana pakhonde kapena pagolosale, wailesi ili pakati, mabatire atawayanika padzuwa m'mawa kuti atolereko mphamvu. Oulutsa mpira a MBC, monga Steve Liwewe Banda, ndiwo ankajambula bwalo m'mitu ya anthu. Mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Lawrence Waya, Young Chimodzi ndi Ernest Mtawali ankamveka mpaka kumidzi kumene sikunafikeko ngakhale nyuzipepala. Masewero akatha, ana ankatenga mpira wawo wachikulunga, wamapepala apulasitiki omangidwa ndi zingwe, n'kugawana mayinawo. Wina ndi Kinnah, wina ndi Lule (Lawrence Waya), ndipo wonenepa kapena wamng'ono pa onse ndiye ankamukankhira pagolo.

Mwana wotere akalowa m'bwalo koyamba ankakumana ndi zinthu ziwiri zomwe sanaziyembekeze. Choyamba, osewera aja anali anthu wamba, ena afupiafupi, otuluka thukuta ndi kukalipirana okhaokha. Chachiwiri, m'bwalomo munalibe wofotokoza. Mpira unkangoyenda popanda wokuuza kuti wautenga ndani. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri ankalowa ndi kawailesi kam'manja, maso ali pabwalo, khutu lili pa kawailesiko, ndipo mwana ankakoka malaya a amene wamubweretsayo n'kumafunsa kuti, "Amalume, Kinnah ndi uti?" Amalumewo ankaloza ndi chala. Pamenepo dzina lomwe mwanayo wakhala akulimva kwa zaka linkapeza thupi, ndipo sizodabwitsa kuti anthu oterewa lero ali ndi imvi koma amafotokozabe tsikulo mwatsatanetsatane.

Kwa anthu ambiri a kummwera, malo amene zimenezi zinachitikira ndi amodzi: bwalo la ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Linamangidwa m'nthawi ya atsamunda ndipo linkatchedwa Rangeley Stadium. Mwambo wolandira ufulu wodzilamulira mu July 1964 unachitikira pomwepo. Kenako linatchedwa Kamuzu Stadium, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera linasanduka Chichiri Stadium, ndipo m'nthawi ya Bingu wa Mutharika dzina la Kamuzu linabwereranso. Ubwino wake waukulu unali malo amene lili. Munthu wa ku Ndirande, Zingwangwa, Chitawira, Naperi kapena Chilobwe ankatha kufikako wapansi, ndiye kuti ndalama yofunika inali yapachipata yokha. Amene analibe ndalamayo anali ndi njira zawo. Ana ena ankapempha wamkulu wosamudziwa kuti awagwire dzanja ngati ake. Ena ankadikira panja, kumvera phokoso la m'kati n'kumalota okha zomwe zikuchitika, mpaka zipata zitatsegulidwa chakumapeto kuti anthu azituluka. Alipo anthu ambiri amene masewero awo oyamba anali mphindi zochepa zomalizira basi, koma amawawerengera ndithu, ndipo ine sindingawatsutse.

Nanga timu imene mwanayo adzaikonde mpaka kukalamba amaisankha bwanji? Kunena zoona, sasankha. Amakhala kumene wamukhazika amene wabwera naye. Pa masewero a Bullets ndi Wanderers bwalo limagawika, ofiira mbali yawo, abuluu mbali yawo, ndipo mwana amaphunzira nyimbo za mbali imene wakhalayo tsiku lomwelo. Chigoli chikalowa, anthu osamudziwa amamunyamula m'mwamba. Timu ikagonja, amaona bambo wamkulu wandevu zake akubwerera kunyumba osayankhula ndi munthu. M'mera mpoyamba. Pofika madzulo, mwanayo wayamba kale kunena kuti "tawina" kapena "atibera", ngakhale kuti malamulo a ofusayidi sakuwadziwa.

Mkangano wa matimu awiriwa uli ndi mizu yakale. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 pamene osewera ena anachoka ku Wanderers n'kukayambitsa timu yawo. Ndi ana a nyumba imodzi amene anagawana, n'chifukwa chake mawu oti "neba" amawakhala bwino. Kuchokera nthawi imeneyo mayina awo akhala akusintha malinga ndi makampani kapena anthu owathandiza. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets. Wanderers inakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Mukamvetsera bwino pamalo ochezera, mutha kudziwa zaka zimene munthu analowera m'bwalo koyamba pongomva dzina lomwe limamupulumuka pakamwa. Gogo amene mpaka lero amati "Bata" sanaiwale kuti zinthu zinasintha. Akutchula timu imene anaipeza tsiku lija.

M'mabanja ambiri chikondi cha timu chimayenda ngati cholowa, koma sikuti chimachokera kwa bambo nthawi zonse. Kwathu kuno amalume ali ndi malo awo pa mwana wa mlongo wawo, ndipo m'nkhani zambiri zomwe anthu amakamba, wogwira dzanja amakhala iwowo, kapena achimwene aakulu, kapena mnansi wa nyumba yoyandikana. Ziliponso nyumba zimene mwana anapandukira bambo ake dala, bambo wa Manoma mwana wa Maule, ndipo tsiku la masewero nsima imadyedwa mwakachetechete. Ngakhale kupandukako kumayambira pabwalo pomwepo: mwanayo anaona mbali inayo ikuvina ndipo mtima unapita komweko.

Akatswiri ofufuza za mmene munthu amakumbukirira zinthu ali ndi mfundo zothandiza kumvetsa nkhaniyi. Anapeza kuti munthu wachikulire akamakumbukira moyo wake, zambiri zimene zimabwera ndi za pakati pa zaka 10 ndi 30, nthawi imene amakumana ndi zinthu zambiri koyamba komanso akudzifufuza kuti iye ndi ndani. Anapezanso kuti chinthu chachilendo chimene chabwera ndi mantha kapena chisangalalo chachikulu chimakhazikika kwambiri kuposa za tsiku ndi tsiku. Masewero oyamba ali ndi zonsezi pamodzi. Mwana sanaonepo anthu ochuluka chotero malo amodzi. Ng'oma zikumveka m'chifuwa, fungo la chimanga chootcha ndi tchipisi cha pachiwaya lili ponseponse, akuopa kusochera, komanso akusangalala kuti lero akuluakulu amutenga ngati mnzawo.

Koma pali mbali ina imene okonda mpira sakonda kuimva. Kukumbukira mwamphamvu sikutanthauza kukumbukira molondola. Mu January 1986, chombo cha ku America chotchedwa Challenger chitaphulika, katswiri wina dzina lake Ulric Neisser ndi mnzake anapempha ophunzira a payunivesite kuti alembe m'mawa mwake mmene anamvera za ngoziyo: anali kuti, anali ndi ndani, ankachita chiyani. Patapita zaka pafupifupi zitatu anawafunsanso mafunso omwewo. Ambiri anafotokoza zosiyana ndi zomwe analemba ndi manja awo, koma anali otsimikiza ndi mtima wonse kuti akunena zoona. Nkhani ikamakambidwa mobwerezabwereza imasintha pang'onopang'ono, ndipo mwini wake sazindikira. N'chimodzimodzi ndi za kubwalo. Munthu amatha kuphatikiza masewero awiri kukhala amodzi, kupereka chigoli kwa wosewera amene tsikulo sanasewere n'komwe, kapena kukumbukira mvula pa tsiku limene kunali dzuwa. Sakunama. Zigoli ndi mayina zimasokonekera, koma dzanja lomwe linamugwira ndi mantha a pachipata zimakhalabe mmene zinalili, chifukwa ndi zimene zinamukhudza iye mwini.

Pali masiku ena amene anthu ambiri amawatchula ngati oyamba awo, ndipo n'zomveka, chifukwa masewero akuluakulu ndi amene amachititsa kholo kunena kuti lero mwanayu tipite naye. Akale amatchula 1978, pamene Malawi inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa pakhomo pomwe pano itagonjetsa Zambia mu ndime yomaliza, n'kuchitetezanso chaka chotsatira. Ena amatchula 2004, pamene Bakili Bullets inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, mpikisano wa matimu a mu Africa, kumene inakumana ndi matimu ngati Enyimba ya ku Nigeria. Achinyamata a lero amatchula June 2008: Egypt inabwera ku Blantyre ili akatswiri a Africa, masewero anali atatsala pang'ono kutha opanda chigoli, kenako Chiukepo Msowoya anamwetsa m'mphindi zoonjezera ndipo Flames, timu ya dziko lino, inapambana 1-0 mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Mu October 2009 kunabwera Ivory Coast. Jacob Ngwira anagoletsa, Didier Drogba analowa kuchokera pabenchi n'kubweza, masewero n'kuthera 1-1. Tsiku limenelo ana ambiri anapita kukaona Drogba wa Chelsea amene ankamuonera pakanema, koma anabwerako akuimba za Flames. Miyezi itatu pambuyo pake timu yomweyo inaswa Algeria 3-0 ku Angola.

Mwana amene tsiku lake loyamba linali la Egypt analandira mphatso yoopsa pang'ono, chifukwa anayamba ndi chinthu chomwe sichichitika kawirikawiri. Ambiri anayamba ndi masewero wamba a ligi, othera 0-0, mipando yambiri ili yopanda anthu. Chodabwitsa n'chakuti nawonso anagwidwa chimodzimodzi.

Sitinganene za Blantyre yokha ngati kuti mpira umathera pa Chichiri. Wa ku Lilongwe akuuzani za Civo kapena bwalo la Silver ku Area 47, wa kumpoto za Mzuzu Stadium ndi asilikali a Moyale, kapena za Karonga kumene dzuwa limawotcha koma anthu amadzaza ndithu. Ndipo Amalawi ochuluka zedi masewero awo oyamba sanawaonere m'bwalo la mpanda. Anawaonera pabwalo la sukulu ya pulayimale kumudzi, zigoli zili zamitengo ya bulugamu, mzere wa m'mbali uli anthu enieniwo, woyimbira ali mphunzitsi wa sitandade 7. Chigoli chikalowa, amayi ndi ana amathamangira m'bwalo akuvina, ndipo masewero sayambiranso mpaka atatuluka. Anthu ena a m'tauni amaziona ngati zimenezi si mpira weniweni. Akulakwitsa, chifukwa osewera ambiri amene timawachemerera lero anayambira pamabwalo oterewa. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi.

Kutchula a Chawinga kukutifikitsa pa anthu amene m'nkhani zakalezi amasowamo. Mukamvetsera bwino, wogwiridwa dzanja uja pafupifupi nthawi zonse ndi mnyamata. Mtsikana ankatsala kunyumba akutsuka mbale, ndipo kubwalo kunkaonedwa ngati kosayenera mwana wamkazi chifukwa cha matusi ndi uchidakwa. Amayi ambiri okonda mpira lero analowa m'bwalo koyamba ali akuluakulu kale, atapita okha kapena ndi anzawo a kuntchito. Kupambana kwa Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, pa chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023 kwathandiza kuti makolo ena ayambe kuganiza mwina, koma kutukwana kumene mayi amakumana nako m'mastandi ena kukadalipo, ndipo bambo wanzeru zake amaganiza kawiri asanatenge mwana wake wamkazi.

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Khomo limene anthu ankalowera kuti akhale masapota a matimu athu likucheperachepera, ndipo zifukwa zake n'zingapo zolukanalukana.

Mwana wa lero amayamba kuona mpira pakanema asanaponde pabwalo. M'matauni ndi m'misika ya kumidzi muli timanyumba toonetsa mpira wa ku England, ndipo pamtengo wochepa amaona Arsenal, Manchester United kapena Liverpool, chithunzi chowala, chigoli akuchibwereza kangapo. Akamafika zaka khumi amakhala ali kale ndi timu, ndipo timuyo ili ku London kapena ku Manchester. Palibe cholakwa kukonda mpira wabwino. Koma chikondi chimenecho sichilowetsa tambala pachipata cha timu ya kwathu, pamene matimu ambiri a mu Super League, imene inayamba mu 1986, amadalira kwambiri ndalama za pachipata. Kubetcha kwawonjezeranso china: mnyamata amatsatira masewero asanu ndi limodzi nthawi imodzi pafoni, ndipo chimene akufuna ndi chakuti tikiti yake idye, osati kuti timu inayake ipambane.

Chachiwiri ndi ndalama. Bambo amene akuvutika kugula thumba la chimanga sangawerengere za minibasi ya anthu awiri, matikiti awiri ndi kachakudya ka mwana. Amapita yekha kapena amangomvera pawailesi.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu pa zonse, ndi mantha. Aliyense amene wakhala akupita kubwalo anaonapo miyala ikuuluka woyimbira akaganiziridwa kuti wakondera, mabotolo a mikodzo akuponyedwa, apolisi akuthira utsi wokhetsa misozi anthu n'kumathamangira chipata chimodzi. Ndipo dziko lino lili ndi bala limene silinapole. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira kuti Malawi wakwanitsa zaka 53 ali pa ufulu wodzilamulira, panakonzedwa masewero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo lomwe linali litangotsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Kulowa kunali kwaulere. Anthu anafika m'mamawa, zipata zinachedwa kutsegulidwa kwa maola angapo, chikhamu chinakula, ndipo pamene anthu anayamba kukankhana apolisi anathira utsi. Anthu 8 anafa, 7 mwa iwo anali ana, ndipo ena ambiri anavulala. Ana amapita mwaunyinji tsiku laulere chifukwa ndi tsiku lokhalo limene angathe kulowa. Mayi aliyense amene anamva nkhani imeneyi ali ndi chifukwa chomveka chokanira pamene amalume abwera kudzapempha mwana kuti apite naye kumpira.

Pamwamba pa izi pali vuto la mabwalo enieniwo. Kamuzu Stadium yakalamba, yakhala ikutsekedwa ndi kutsegulidwa, mbali zina za mastandi ake zinaletsedwa kukhalamo anthu, ndipo bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linasiya kuilola kuchititsa masewero akuluakulu a mayiko. Mu 2021 zinafika poti Flames inkasewera masewero ake "apakhomo" a mpikisano wopita ku World Cup pa Orlando Stadium ku Johannesburg. Chaka cha 2020 nachonso mliri wa Covid-19 unaimitsa mpira kwa miyezi yambiri. Mwana wa ku Ndirande amene kale akanayenda wapansi kukaona timu ya dziko lake, lero afunika ulendo wa basi wa makilomita oposa 300 kupita ku Lilongwe. Chigoli chodabwitsa chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ndi golo mu January 2022 ana ambiri anachiona, koma pakanema, ndipo ochepa mwa iwo anamuonapo Gabadinho ndi maso atavala malaya a Flames.

Sindikunena kuti mabwalo athu ali mbee. Tsiku la Maule ndi Manoma anthu amadzazabe, ndipo matimu a m'maboma akabwera mu ligi yaikulu amabwera ndi anthu awo. Koma mukayang'ana m'mastandi muwerenge ana amene abwera ndi wamkulu wowayang'anira. Ndi ochepa. Ambiri mwa ana amene mungawaone ndi ogulitsa madzi, mtedza ndi mazira owiritsa, ndipo amaonera mpira mozemba, kasitomala akawapatsa mpata.

Zothetsera zina n'zodziwika kale ndipo mayiko ena akuzichita. Matikiti azigulitsidwa masiku angapo masewero asanafike, kuti pachipata pasamakhale chipwirikiti cha ogula ndi olowa nthawi imodzi. Zipata zizitsegulidwa msanga komanso zonse, makamaka tsiku laulere, ndipo ngakhale laulerelo likhale ndi matikiti owerengeka molingana ndi malo. Pakhale mbali ya bwalo ya mabanja, yopanda mowa, yokhala ndi zimbudzi zogwira ntchito, kumene mwana wobwera ndi kholo amalipira zochepa kapena osalipira. Matimu aziitana sukulu za pulayimale zoyandikana nawo pa masewero amene akudziwa kuti sikudzadzaza, m'malo mosiya mipando ikuwombedwa ndi dzuwa. Oyang'anira chitetezo aphunzitsidwe kuyendetsa chikhamu popanda kuthamangira utsi. Zonsezi zili m'manja mwa bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM, loyendetsa ligi yaikulu la SULOM, matimu, apolisi ndi eni mabwalo, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chikudikira kuti bwalo latsopano limangidwe kaye.